MWANA AKAKOMOKA: ZOCHITA MUSANAFIKE KU CHIPATALA

Amayi, kabuku kano talembera inu amene mumabwera ndi ana ku sikelo mwezi ndi mwezi, makamaka inu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Nkhani yake ndi ya matenda adzidzidzi amene amagwira ubongo wa mwana. Pa sikelo timakambirana kaŵirikaŵiri za kadyedwe, katemera ndi ukhondo wa pakhomo, ndipo nkhani zoterozo zimapatsa munthu mpata wopita kunyumba, kukaganiza, ndi kudzafunsanso mwezi wamaŵa. Nkhani ino siitero ayi. Mwana akakomoka pakati pa usiku sipakhala namwino kapena dokotala pafupi; pamakhala inu ndi anansi amene adzidzimuka ndi mfuu yanu. Zimene mudzachite pa mphindi zoyambazo, ndiponso changu chimene mudzanyamukire nacho, ndizo kaŵirikaŵiri zimalekanitsa mwana wobwerera kunyumba ali bwino ndi mwana wobwerera wolumala, kapena wosabwerera konse.

KUKOMOKA KULI PAŴIRI

M'chinenero chathu mawu akuti kukomoka timatchulira zinthu ziŵiri, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa popeza ku chipatala adzakufunsani. Kwina ndi kuja kumene ena amati linjirinjiri: mwana amauma thupi lonse, maso amatembenuka, nsagwada zimalumana, kenaka manja ndi miyendo zimayamba kuphupha mobwerezabwereza. Thovu limatuluka kukamwa, milomo nthaŵi zina imada, ndipo mwana angathe kudzikodzera kapena kudziipitsira. Kwinako ndi tulo tosadzuka: mwana saphupha konse, angoti zii, koma mukamuitana ngakhale kumutsina sakuyankhani.

Gwero la zonsezi ndi ubongo. Ubongo ndiwo umalamulira kupuma, kuona, kumva, kuyamwa ndi kuyenda, ndipo umatumiza mauthenga ake m'mitsempha monga momwe magetsi amayendera m'mawaya. Ukasokonezedwa ndi kutentha thupi, tizilombo ta matenda, kuchepa kwa shuga m'magazi, poizoni kapena kumenyeka kwa mutu, mauthenga aja amatuluka onse pamodzi mosalongosoka, ndipo mwana amaphupha. Kapena amazima monga nyali yotha mafuta, ndipo mwana amagona osadzuka.

Dziŵaninso kuti kuphupha sikuoneka poyera nthaŵi zonse. Mwana wina amangogwedera chala chimodzi, mbali imodzi ya mlomo kapena chikope. Wina amangotong'ola maso cha kumbali, dovu lili chuchuchu, kupuma kuli kodukizadukiza. Khanda la masiku ochepa nthaŵi zina limangotafunatafuna ngati likuyamwa pamene palibe bere, kapena kupalasa miyendo ngati lili pa njinga. Kumenekonso n'kukomoka ndithu. Kumasiyana ndi kunjenjemera kwa malungo motere: mwana wonjenjemera amakhala ali maso ndipo amakuyang'anani mukamuitana, wophupha sakuzindikirani, ndipo mukagwira mkono wake umapitirizabe kugunda m'dzanja lanu.

MPHINDI ZOYAMBA

Choyamba, chotsani mwana pamalo oopsa. M'nyumba zathu zambiri za chipinda chimodzi mbaula, mphika wa phala ndi pogona zimakhala moyandikana, ndipo alipo ana amene timaŵaona ndi zipsera za moto umene udaŵawotcha ali chikomokere. Muikeni pansi pa mphasa, osati pa bedi pamene angagwe, ndipo pansi pa mutu wake ikanipo chitenje chopinda. Mugonekeni chammbali, nkhope itaŵeramira pang'ono pansi, kuti malovu ndi masanzi zituluke zokha m'malo moloŵa ku mapapo. Masulani zovala zothina m'khosi ndi m'mimba. Anthu amene adzaza m'nyumba apempheni atuluke, atsale mmodzi kapena aŵiri, ndipo wina athamange kukafuna choyendera.

Kenaka yang'anani nthaŵi pa wotchi kapena pa foni. Kwa mayi amene mtima uli m'mwamba zimenezi zimaoneka zachabe, koma n'zofunika kwambiri. Kuphupha kochuluka kumaleka kokha pasanathe mphindi 2 kapena 3. Kukapitirira mphindi 5, kapena kukaleka n'kuyambanso mwana asanatsitsimuke, kaŵirikaŵiri sikuleka kokha, ndipo kukatalika kumayamba kuwononga ubongo. Pamenepo musadikirenso kuti kuthe: munyamuleni ali chiphuphire, chammbali chomwecho, ndi kuuyamba ulendo. Ku chipatala kuli mankhwala oletsa kuphupha, monga diazepam woloŵetsa kumbuyo kapena mumtsempha, ndi jekeseni wa paraldehyde, amene kunyumba kulibe.

Tsono pali zinthu zimene agogo, apongozi ndi anansi amachita mwachikondi koma zimapweteka mwana, ndipo tiyenera kuzinena mosabisa. Ambiri amakanula mano ndi supuni, mthiko kapena chala poopa kuti mwana ameza lilime. Lilime silimezeka, n'logwira pansi pa kamwa. Supuniyo ndiyo imathyola mano, kung'amba usinini ndi kutseka njira ya mpweya. Ena amamwetsa mwana madzi, phala, panado kapena mankhwala a zitsamba ali chikomokere. Wokomoka sangathe kumeza, choncho zonsezo zimatsikira ku mapapo, ndipo mwana amene akadapulumuka ku malungo amadzafa ndi chibayo. Kumufukiza utsi wa nsanza kapena wa tsabola kumamulanda mpweya umene ukumupereŵera kale. Kuyandikiza mapazi ake ku moto kuti adzidzimuke kumangomuwotcha, pakuti iye samva kanthu. Kumupanikiza manja ndi miyendo sikuletsa kuphupha, ndipo kumugwedeza mwamphamvu, makamaka khanda, kungathe kudula timitsempha ta magazi m'mutu. Madzi ozizira kwambiri nawonso musamukhuthulire.

Mwina mudzati: nanga bwanji mwana wa uje adamufukiza utsi ndipo adatsitsimuka? Akadatsitsimuka ndithu ngakhale popanda utsiwo, popeza, monga tanena, kuphupha kochuluka kumaleka kokha. Utsi umangolandira ulemu pa ntchito imene sudagwire. Choopsa n'chakuti banja likaona mwana wadekha limakhulupirira kuti matenda atha, n'kugona mpaka kucha, pamene nthenda imene idayambitsa kuphuphako ikupitirira kudya m'kati.

Kuphupha kukaleka, ngati thupi lili lotentha, muvuleni zovala zochuluka, mumupukute ndi kansalu konyika m'madzi ofunda pang'ono, ndi kumukupiza. Chakumwa chiyembekeze kufikira atatsitsimuka kwenikweni, akukuzindikirani ndi kumeza bwino. Pamenepo muyamwitseni, kapena ngati adaleka kuyamwa mupatseni madzi a shuga pang'onopang'ono, chifukwa mwana wodwala amene wakhala maola ambiri osadya shuga amamuthera m'magazi, ndipo kuchepa kwa shuga pakokha kumakomola.

N'zoona kuti ana ena a miyezi 6 kufikira zaka 5 amaphupha chifukwa cha kutentha thupi kokha, kaya kwadza ndi chimfine, khutu kapena zilonda za kukhosi. Otere amatsitsimuka msanga, ndipo ambiri a iwo amakula bwino osadwala khunyu. Koma muno m'Malaŵi, mmene malungo ali paliponse, palibe mayi, ngakhale ife a za umoyo amene, angadziŵe ndi maso okha kuti kuphupha uku n'kwa chimfine, uku n'kwa malungo aakulu. Chifukwa chake mwana aliyense amene wakomoka apite ku chipatala nthaŵi yomweyo, ngakhale atadzuka n'kuyamba kuseŵera.

NKHOPE YANU NDIYO MUYESO

Mwana akaleka kuphupha amakhala wolefuka ndipo amagona. Zimenezi si zachilendo. Funso lalikulu n'lakuti: kodi tuloti n'todzuka? Madokotala a m'mayiko ambiri amayesa ana okomoka ndi muyeso umene udakonzedwa kwathu konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, ndipo udafalitsidwa m'chaka cha 1989. Dzina lake ndi Blantyre Coma Scale. Sulira makina alionse, ndipo mafunso ake atatu mungathe kudzifunsa nokha muli pa mphasa.

Kodi maso a mwana akutsata nkhope yanu mukaisuntha uku ndi uku, kapena angoti tong'o osaona kanthu? Kodi mukamutsina, amabweretsa dzanja lake kudzachotsa lanu, kapena amangofunya mkono, kapena sachita kanthu n'komwe? Kodi akulira kulira kwake kwa masiku onse, kapena akungobuula, kapena ali chete? Mwana amene ali bwino amapeza 5 pa muyeso umenewu, ndipo wopeza 2 kapena kucheperapo ndiye wakomoka kwenikweni. Inu musavutike n'kuŵerenga manambalawo. Mwana wosatsata nkhope ya mayi wake, wosakankha dzanja lomutsina, wosalira monga mwa nthaŵi zonse, ameneyo sali m'tulo, ndipo mawu akuti "musiyeni apumule, tiona kukacha" asamveke m'nyumbamo.

MALUNGO A M'BONGO

Mwa matenda okomola ana kuno, amene timakumana nawo kwambiri ndi malungo, makamaka nyengo ya mvula ndi miyezi yotsatira, pamene zithaphwi ndi maenje osiyidwa ndi oumba njerwa m'malokeshoni mwathu zasanduka moswera udzudzu.

Kachitidwe kake n'kotere. Tizilombo ta malungo timaloŵa m'maselo ofiira a magazi. Tikachuluka, maselo aja amayamba kumata, namamatira m'mbali mwa timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, kotero kuti magazi sayenda bwino. Ubongo umatupa, koma chigaza n'cholimba, sichifutukuka. Ubongo wotupawo umakanikiza mbali yake ya m'munsi imene imalamulira kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma. Zimenezi zidaoneka bwino pa kafukufuku wa ku Blantyre amene adafalitsidwa m'chaka cha 2015, mmene adajambula ndi makina a MRI ubongo wa ana 168 odwala nthendayi. Ana 25 adamwalira, ndipo 21 mwa iwo adafika ubongo utatupa kale kwambiri. Onseŵa adali m'manja mwa akatswiri. Nthendayi ikafika pamenepo imapha ngakhale mankhwala alipo, ndipo popanda mankhwala pafupifupi onse amafa. Komabe mwa ana amene adapulumuka, kutupa kuja kudaoneka kukuphwa m'masiku otsatira. Ntchito yonse ndiyo kufikitsa mwana kumene angamuthandize kupuma ndi kupha tizilombo kutupako kusanamugonjetse.

Malungo ameneŵa sagwa ngati mphezi. Amayamba ngati malungo wamba tsiku limodzi, aŵiri kapena atatu m'mbuyomo: thupi kutentha, mwana osafuna kudya. Zikamaloŵera koipa, mwana amakana bere ndi chakumwa chilichonse, amasanza zonse zimene wamwa, amalephera kukhala tsonga pamene kale ankatha, amalankhula zosamveka kapena kusazindikira anthu a m'nyumba, amapuma mozama ndi mofulumira, m'manja ndi m'zikope mumayera, ndipo nthaŵi zina mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kunyamukira.

Mwayi wanu waukulu uli m'masiku oyambawo. Mwana wotentha thupi akayezedwe magazi pa chala lisanathe tsiku limodzi, ndipo akapezeka ndi malungo amwe LA, amene dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, kaŵiri pa tsiku kwa masiku 3, osadumphitsa ngakhale aoneke wachira. Poyendera makomo timapeza mapaketi a LA otsala theka, osungira tsiku lina; timapezanso amayi amene atha masiku aŵiri akumwetsa mwana panado wa pa okala. Panado amaziziritsa thupi koma sapha kachilombo n'kamodzi komwe. Amangokwirira moto ndi phulusa. Asipirini ndiye musapatse ana konse.

Mwana wosanza chilichonse kapena wokomoka, LA samuthandiza popeza sangathe kumwa. Iye afunika jekeseni wa artesunate. Aliponso artesunate woloŵetsa kumbuyo amene amaperekedwa kwa ana osakwana zaka 6 kuti aŵagwirize panjira pamene jekeseni ali kutali. Amenewo ndi mankhwala a paulendo chabe, ndipo mwana akaoneka bwino ataŵalandira, ulendo wa ku chipatala upitirire. Za katemera wa malungo, amene dziko lathu lidali loyamba padziko lonse kumupereka pa sikelo mu Epulo 2019, mwambo wake utachitikira ku Mitundu m'boma lino la Lilongwe, funsani anamwino pa sikelo yanu. Amachepetsa malungo aakulu, koma saloŵa m'malo mwa neti.

MATENDA OUMITSA KHOSI

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana n'zokutidwa ndi tinembanemba topyapyala, ndipo pakati pake pali madzi oyera ngati a pa kasupe. Tizilombo tikaloŵa m'madzimo, tinembanemba timatupa ndipo madzi aja amavunduka ndi mafinya. Ndiwo matenda oumitsa khosi. Mwana wokulirapo amadandaula mutu, amasanza, amadana ndi kuŵala, ndipo mukayesa kuŵeramitsa mutu wake kuti chibwano chikhudze chifuŵa, khosi limakana ndipo amalira. Koma musadalire dzinali, pakuti mwana wosakwana chaka kaŵirikaŵiri khosi siliuma konse. Mwa wotere mverani kulira kosongoka kosatonthozeka, kumene kumakula mukamunyamula. Onani kukana bere, kulefuka, thupi lotentha kapena lozizira modabwitsa, ndiponso liwombo.

Za liwombo tinenepo pang'ono, popeza ambiri mumadziŵa liwombo loloŵa lokha, limene limasonyeza kutha kwa madzi m'thupi mwa mwana wotsekula m'mimba. Lilipo linanso lotukumuka, lokungika ngati chikopa cha ng'oma, pamene mwana wakhala tsonga ndipo sakulira. Limeneli likusonyeza kuti m'mutu muli kupanikizana. Mankhwala omata pa liwombo sachiza loloŵa ngakhale lotukumuka. Amangophimba chizindikiro chimene namwino afuna kuona. Liwombo limatseka lokha mwana akamafika chaka ndi theka, popanda womata kanthu.

Ku chipatala, pofuna kutsimikiza nthendayi, adzapempha kutenga madzi a mumsana. Tikudziŵa kuti amayi ambiri mumaopa, ndipo ena amathaŵitsa mwana usiku pomva kuti wobayidwa pamsana sadzuka. Tiyeni tilongosole. Singano imaloŵa m'munsi mwa msana, pamalo pamene mtsempha waukulu uja watha kale, ndipo amatenga madontho ochepa chabe, amene thupi limabwezeretsa tsiku lomwelo. Madziwo ndiwo amauza dokotala kuti nthenda n'njotani ndi mankhwala oyenera. Ana amene amatengedwa madzi ndi ana odwalitsa, ndipo ena mwa iwo amamwalira ndithu. N'chifukwa chake mphekeserayi siitha. Koma chimene chimaŵapha ndi nthenda imene adafika nayo itakula, osati singano. Dokotala akaona kuti mwana sangapirire, amayamba wapereka mankhwala, madzi n'kudzatenga pambuyo.

Mankhwala ake ndi majekeseni a masiku angapo mwana atagonekedwa, ndipo kuchedwa kuŵayamba ndiko kumasiya ana ali ogontha. Mitundu iŵiri ya tizilombo toyambitsa nthendayi ili ndi katemera pa sikelo pomwepa: wina ali m'kati mwa katemera wa matenda 5 kuyambira 2002, wina ndi uja timati wa chibayo, amene adayamba mu 2011. Onse aŵiri amaperekedwa mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Tsekulani kabuku ka mwana lero lomwe, muone ngati malo atatu onsewo adalembedwa.

Khanda la masiku ochepa lili ndi zoopsa zinanso ziŵiri. Limene linkayamwa bwino kenaka nsagwada n'kuuma, thupi n'kumakungika mukalikhudza kapena pakamveka phokoso, lingakhale ndi kafumbata, amene amaloŵera pa mchombo wothiridwa zinthu zauve. Limene chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, kapena chayamba tsiku lobadwa lomwelo, ubongo wake uli pangozi. Onse aŵiri apite lero, osati tsiku la sikelo.

KUGWA, KUGUNDIDWA NDI POIZONI

Ana amagwa tsiku ndi tsiku, ndipo wogwa amene walira nthaŵi yomweyo, n'kutonthola, n'kubwerera ku maseŵera, kaŵirikaŵiri ali bwino. Komabe muyang'anireni masiku aŵiri, chifukwa magazi angathe kumakha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza kunja kusakuoneka bala. Akakomoka ngakhale kanthaŵi kochepa, akasanza mobwereza, akamaodzera modabwitsa, akaphupha, akamakoka mwendo kapena mkono, kamwana ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukatuluka magazi kapena madzi oyera, thamangirani ku chipatala. Khutulo musalitseke ndi thonje. Wogundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto, kapena wogwa mumtengo wa mango, musamudzutse chomukoka mkono: munthu mmodzi agwire mutu kuti ukhale mowongoka ndi msana, ena amunyamule pamodzi pa thabwa kapena chitseko.

Poizoni amene timaopa kwambiri m'makomo ndi mankhwala a makoswe ogula pamsika, aja ambiri amati tameki, mankhwala a mbewu ndi a m'dimba, mapiritsi a akuluakulu osiyidwa pa windo, parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, ndi kachasu. Mankhwala a makoswe ndi a m'dimba amachititsa dovu lambiri, thukuta, kutsekula m'mimba, timwana ta maso kuchepa ngati nsonga ya singano, ndi kuphupha. Kachasu, ngakhale wochepa, amatsitsa shuga wa mwana mpaka kumukomola. Amayi ophika ndi ogulitsa, ganizirani pamene mumaika mabotolo. Musasanzitse mwana, makamaka womwa parafini, ndipo musataye nthaŵi n'kumumwetsa mkaka kapena mafuta. Muvuleni zovala zimene zathiridwa mankhwalawo, mumutsuke khungu ndi madzi ndi sopo, ndipo tengani paketi kapena botolo lake kuti adokotala akalione.

ULENDO WA KU CHIPATALA

Nthaŵi yambiri imatayika ulendo usanayambe. Bambo ali ku ulonda ku Kanengo ndipo foni yawo yazima. Amalume a mwana, eni mbumba, ali kumudzi ndipo sanauzidwe. Ndalama ya njinga palibe. Ana ena alibe woŵasiyira. Kunja kuli mdima ndipo mayi akuopa achifwamba. Zifukwa zonsezi n'zenizeni, ndipo sizithetsedwa usiku umenewo. Zithetsedwe lero, mwana ali bwino. Kambiranani ndi bambo a kunyumba ndi akuluakulu a banja kuti mwana akadzakomoka, amene ali naye adzanyamuke osadikira chilolezo, uthenga udzatsate pambuyo. Sungani padera kandalama ka ulendo kosakhudza ngakhale ndiwo zitasoŵa. Khalani ndi manambala a anthu aŵiri a galimoto kapena kabaza oŵakhulupirira, ndipo panganani ndi mnansi wodzakuperekezani ndi wina wodzatsala ndi ana. Kabuku ka mwana kazikhala pamalo amodzi odziŵika.

Ena amayamba apita kwa asing'anga kapena ku mapemphero. Sitinyoza chikhulupiriro cha munthu, ndipo pemphero limatheka m'galimoto ndi m'wodi momwe. Koma tizilombo ta m'magazi ndi ta m'madzi a mumsana timachulukana pa ola lililonse, ndipo ola lothera kwina silibwerera.

Ponyamula mwana wokomoka musamubereke kumbuyo. Kumbuyo mutu umazendewera, khosi limapindika, masanzi amamutsamwitsa, ndipo inu simuona nkhope yake. Mufungateni m'manja chammbali, nkhope ili poonekera, chibwano chitakwezeka pang'ono. Khanda lifundeni kuti lisazizidwe. Pa njinga yamoto, uzani woyendetsa kuti asathamange mopusa, pakuti ngozi ina pamwamba pa inzake siithandiza.

Pitani ku chipatala chimene chili pafupi. A ku Kawale, Biwi ndi Area 23 muli nacho cha Kawale; a ku Mgona ndi Area 25 muli nacho cha Area 25; a ku Chinsapo muli pakati pa Bwaila ndi Likuni. Kumeneko adzaletsa kuphupha, kuyeza shuga ndi malungo, kubaya jekeseni woyamba, ndipo nthenda ikakhala yaikulu adzatumiza mwana ku Kamuzu Central Hospital. Akakutumizani, pitani tsiku lomwelo ndi kalata yake, osadzera kunyumba kukaphika. Ngati ndi usiku ndipo chithandizo simungachipeze pafupi, lunjikani ku Central.

Mukafika musakhale pa mzere. Ulemu wathu wodikira kuitanidwa n'ngwabwino pa tsiku la sikelo, koma pano ayi. Zipatala zathu zimatsata dongosolo loona odwalitsa poyamba, limene lidakula pa chipatala cha Queen Elizabeth motsogoleredwa ndi Elizabeth Molyneux, ndipo tsopano likuphunzitsidwa m'mayiko ambiri. Mwa dongosolo limeneli mwana wophupha kapena wosadzuka ndiye woyamba. Pitani kutsogolo, nenani mokweza kwa wogwira ntchito aliyense amene mwamuona kuti mwana wakomoka. Kenaka fotokozani mwachidule: kudayamba nthaŵi yanji, kudatenga mphindi zingati, kangati, thupi lonse kapena mbali imodzi, thupi lidayamba liti kutentha, adadya liti komaliza, adagwa kapena ayi. Nenani zonse zimene wamwa, za m'sitolo ndi za kwa asing'anga zomwe, ndiponso ngati inu kapena mwana mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Kubisa poopa kukalipiridwa kumasokeretsa amene akufuna kumupulumutsa.

Kagonekedwe ka chammbali ndi lamulo la kusaika kanthu m'kamwa n'zomwezo kwa akuluakulu. Mayi woyembekezera kapena wongochira kumene akaphupha, mugonekeni cha kumanzere ndi kuthamangira naye ku chipatala cha amayi, popeza kaŵirikaŵiri ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo miyoyo iŵiri ili pangozi. Agogo amene mwadzidzidzi pakamwa papotoka, mkono wafooka kapena mawu sakumveka, nawonso apite ola lomwelo.

POBWERERA KUNYUMBA

Mwana wochira malungo a m'bongo kapena matenda oumitsa khosi afunika diso lanu miyezi yambiri. Ambiri amachira kotheratu. Ena amabwerera osamva, osaona bwino, ofooka mbali imodzi, kapena ataiŵala kuyenda ndi kulankhula. Ena amasanduka aukali ndi osakhazikika, ndipo ameneŵa amakwapulidwa kaŵirikaŵiri ngati amwano pamene ali ovulala. Ombani m'manja kumbuyo kwake muone ngati atembenuka. Zimene mwaona zineneni pa sikelo, chifukwa mafizo ndi chithandizo cha makutu zimapindula kwambiri zikayamba msanga.

Ena amayamba kuphupha mobwerezabwereza thupi lisakutentha. Imeneyo ndiyo khunyu. Siipatsirana kudzera m'thovu, m'malovu, m'mpweya kapena podyera mbale imodzi, choncho wakhunyu akagwa mugwireni osaopa ndi kumukoka pa moto. Ili ndi mankhwala m'zipatala za boma, monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate, ndipo ana ambiri oŵamwa mokhulupirika amaleka kugwa n'kuphunzira sukulu monga anzawo. Mankhwalaŵa amamwedwa tsiku lililonse ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa kuŵasiya kumabweretsa kuphupha kwautali kuja kosaleka kokha. Kaloŵeni pa mzere wokatenga ena akale asanathe. Mwana wotere asakhale yekha pafupi ndi mbaula, asatumidwe yekha ku chitsime, ndipo asasambe yekha mu Lingadzi, mu Lilongwe kapena m'maenje a njerwa. Aphunzitsi ake ndi anansi auzeni, ndipo muŵaonetse ndi manja anu momwe angamugonekere chammbali inu mutapita ku msika.